Purosesa ya Mitu Iwiri

9 Febuluwale

Okondedwa amayi a ana,

Moni wochuluka kwa inu ndi ana onse. Ndikhulupirira mukudzuka bwino ndipo msana uja wasiya kukuvutani. Kuno ndilipo, kupatula chimfine cha fumbi chimene sichichoka pa munthu wotsegula makompyuta akale tsiku lonse. Chimenecho musachiganizire. Kuganiza siyirani ine, ndi ntchito imene ndimaitha.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mawu amandithawa, ndimangofunsa za mvula mpaka mayunitsi atha. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka pepala lafewa mopindamo. Mwati ahedi a kusukulu adandaula kuti mayeso a teremu yatha munawatayipa mochedwa chifukwa kompyuta imangoima. Mwatinso mwana wa atelala uja watsegula shopu tsidya la msewu ndipo makina ake akuthamanga. Koma pamene panandipweteka kwambiri ndi pomaliza paja, poti ahedi akapititsa tsidya mayeso a mwezi wa Juni, inu mubweza kiyi wa chipinda kwa alandilodi, popeza lendi imachokera m'mayesomo.

Amayi, chonde kiyiyo musabweze. Chipinda chimenecho ndi chimene ndimaona ndikatseka maso kuno kudziko la eni: tebulo lanu pawindo, benchi ya makasitomala kukhoma, ndi mpando wanga wa pakhomo uja ndinaumanga mwendo ndi waya. Zaka zonsezi ndimadziuza kuti ndikadzatopa kuno ndidzakhala pamenepo, inu mukutayipa, ine ndikulandira anthu ndi kusanja mapepala. Mukabweza kiyi, ine ndidzabwerera kuti?

Mukukumbukira tsiku limene tinakaitenga kompyutayo? Tinaikulunga m'bulangete, ine ndikukankha njinga, inu mwakumbatira sikirini ngati mwana wodwala, mukukalipira aliyense wodutsa pafupi. Titaiyatsa inatenga nthawi kuti idzuke, ndiye munati tiyambe tamwa tiyi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkadina batani n'kumwa tiyi tikuidikira. Sindinamwenso tiyi wokoma ngati ameneyo.

Tsono mverani. Kompyutayo sinafe, yangokalamba ubongo. Pansi pa fani pali kachitsulo kophwatalala ngati bisiketi, dzina lake purosesa. Ndiko kamene kamaganiza. Yathuyo ndi Seleroni, ya anthu osauka pa nthawi yake, mpake kuti lero ikupuma wefuwefu. Kuno maofesi amataya makompyuta otere milumilu, ife n'kumamasula, zamoyo uku, zakufa uko. Abwana amalola wantchito kugula purosesa yakale pa mtengo wa mabuledi owerengeka. Ndisankhamo yabwino, ndikutumizireni mayeso asanafike.

Kandalama kali m'envulopu ina kwa adalaivala a basi. Muyambe mwagulira mzime wathu nsapato, denga lidikire.

Ndine mwamuna wanu.

2 Marichi

Okondedwa amayi a ana,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndipo nsapato zamukwana. Mwasiya malo a chala kutsogolo? Mwanayo phazi limakula ngati la agogo ake. Ine kuno ndikudzuka.

Ntchito yosankha ndaiyamba. Pa nthawi ya tiyi kuno timachita mpikisano. Timaika makompyuta awiri pa benchi, zonse zofanana, kusiyana purosesa yokha. Ndevu, mnzanga wa kwathu amene ndimagona naye chipinda chimodzi, amakweza dzanja, akatsitsa tonse n'kudina batani pamodzi. Yoyamba kutsegula chikalata chachikulu cha zithunzi ndiyo yapambana, ndipo wogonja amatsuka makapu.

Ndinayamba ndi Seleroni ngati yathuyo, kuiyesa ndi Semporoni, inzake yotsika mtengo ya kampani ina. Tinadikira, tinadikira. Ndevu anati, "A Nkhawa, abulu awiriwa mwawatenga kuti? Ndipite kaye kukameta ndevu, ndipeza asanafike?" A Nkhawa ndilo dzina andipatsa kuno, musaseke.

Pentiyamu 4 inaisiya Seleroni bwinobwino, osati kutali kwambiri koma moti munthu n'kuona. Ziliko zambiri m'bokosi, pafupifupi zaulere. Koma imatentha. Ndiye kuli Pentiyamu D, ya mitu iwiri. Mitu iwiri ndi ngati mutakhala ndi mnzanu pa tebulo, wina akutayipa, wina akusindikiza, osalimbirana. Imeneyo kutentha kwake ndiye musanene. Ndevu amaumitsa masokosi kumbuyo kwake. Ndinaganiza za chipinda chathu mwezi wa Okutobala ndi za magetsi, ndinaibwezera m'bokosi.

Imene inanditenga mtima ndi Atiloni ya mitu iwiri. Yothamanga, yosadya magetsi ambiri, mtengo wofatsa. Ndinaigwira m'manja tsiku lonse. Koma iyo ili ndi timano tambirimbiri kumimba kwake, ndipo mpando wake ndi wina. Mpandowo kuno amati soketi. Ngati ndikukumbukira bwino, Seleroni yathu kumimba n'kosalala, timano tili m'soketi momwemo. Atiloni singalowe pamenepo ngakhale mutaipondereza ndi chidendene.

Pomaliza Ndevu anatulutsa ina m'thumba la malaya, dzina lake Ko 2 Duwo, nayonso ya mitu iwiri. Amayi, inatsegula n'kumaliza ine kapu ndisanaichotse pakamwa. Kugwira chitsulo chake, chofunda chabe. Chondizunguza mutu n'chakuti nambala ya liwiro yolembedwa pa iyo ndi yofanana ndi ya pa Pentiyamu 4, zonse 3.0.

Ndinati, "Nanga zasiyana bwanji chonchi, nambala ili imodzi?"

Ndevu anati, "Anthu awiri atha kugwetsa khasu mofanana, achimwene, koma wina khasu lake ndi lalikulu, ndipo uyu akulima ndi mkazi wake. Katsukeni makapu."

Ndinatsuka. Sabata ino makapu onse ndatsuka ndine.

Tsono ndikupempheni. Muzimitse kompyuta, muzule pulagi kukhoma, mutsegule chivundikiro cha m'mbali. Muchotse fani, mukweze kachogwirira ka m'mbali mwa soketi, muyang'ane kumimba kwa purosesa ngati kuli kosalala. Pafupi pomwepo pali nambala, mundilembere. Musatume alamu, manja awo ndi a njerwa. Muchite nokha, zala zanu ndimazidziwa.

Ndine mwamuna wanu.

6 Epulo

Okondedwa amayi a ana,

Moni kwa nonse. Pepani kuti chisamba wathu anadwala malungo, koma ndathokoza kuti munathamanga naye msanga. Amalize mankhwala onse, asasiyire pakati poti wayamba kuseka. Ine ndili bwino ndithu.

Mwati kumimba n'kosalala ndipo nambala ndi 775. Ndinavina ndekha, chifukwa Pentiyamu 4 ndi Ko 2 Duwo zonse zimakhala pa soketi ya nambala imeneyo.

Mwandikalipirako pang'ono, ndamva. Mwati ine ndimakumbukira tiyi, koma inu mumakumbukira maso a anthu a pa benchi akukubayani kumsana kompyuta itaima. Mwatinso miyezi iwiri yatha ndikungoyerekeza, ndingotumiza iliyonse yoyenda. Ndevu nayenso akutero. Dzulo anati, "A Nkhawa, mukugula purosesa kapena mukufunsira mkazi? Amayi aja munawasankha chonchi?" Ndinamuuza kuti inu sindinakusankheni, munandisankha ndinu, tsiku lija ndinabwera kudzatayipitsa kalata yofunsira ntchito pa makina akale a phokoso aja, inu n'kunena kuti, "Bambo, kalata iyi ikupepesa kuyambira pamwamba mpaka pansi, mukufuna ntchito kapena chikhululukiro?" Munailembanso yonse. Ntchitoyo sindinaipeze, koma ndinabwererabe mawa lake ndi kalata ina.

Musaone ngati ndikuchedwa dala. Ndikagona pa Pentiyamu 4, ndimadzuka ndikuganiza kuti mwana wa atelala adzakusiyanibe. Ndikagona pa Ko 2 Duwo, ndimadzuka ndikuganiza za mtengo, poti iyo ndi yokwererapo. Koma tsopano ndatsimikiza. Mkazi wanga sangapikisane ndi tsidya atakwera bulu. Nditenga Ko 2 Duwo.

Kuntchito andisuntha pang'ono. Panopa ndili panja, kumene timaphwanya mabokosi a chitsulo ndi kusanja mawaya. Akapitawo akuti kunja kuli mpweya wabwino. N'zoona kuti masabata apitawa ndinapinda timano ta masoketi angapo, koma nyale ya pa benchi paja ndi yofooka, aliyense akudziwa. Si nkhani yoti muiganizire.

Akapitawo omwewo anandipeza ndikukulunga purosesa. Anafunsa kuti ndi ya makina anji. Ndinati a kunyumba, a 775.

Anati, "Sindinafunse soketi. Bolodi yake ndi iti?"

Bolodi ndi chimbale chobiriwira chija chimene zonse zimamamatirapo. Ndisanayankhe anawaitana ku ofesi. Ndikanawatsatira, koma masiku ano sindikonda kuima nawo pafupi, amandiyang'ana kwambiri kumaso. Komanso nambala ndi nambala, 775 ndi 775.

Nkhuku zija musagulitse zonse, musiye ziwiri zoikira.

Ndine mwamuna wanu.

11 Meyi

Okondedwa amayi a ana,

Ndikhulupirira muli moyo nonse. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo panja pamene ndikugwira pano mphepo imalowa mpaka m'mafupa, koma Ndevu wandibwereka jekete.

Katundu uja ali ndi adalaivala. Pepani wachedwa, basi inali ku galaja, komanso ndinaiyesanso purosesayo kangapo pa makina a kuno kuti mtima ukhale pansi. Ili m'kabokosi ka sopo, yokulungidwa m'sokosi yoyera. Muli kachubu kakang'ono ka phala lotuwa, mwana asaone ngati mankhwala otsukira mano. Ndawauza adalaivala kuti asaike pansi pa matumba. Anati, "Bambo, ndanyamulapo mafiriji ndi maliro, sokosi yanuyi siinditha." Komabe mukalandira muyang'ane ngati bokosi silinaphwanyike.

Tsono muchite chonchi. Musankhe m'mawa kuwala kuli kokwanira, shopu musanatsegule. Musambe m'manja, muume. Muzule pulagi. Musanagwire kalikonse m'kati, mukhudze chitsulo cha bokosi la kompyuta. Muchotse fani monga munachitira paja, mukweze kachogwirira, mutsegule kachitseko. Seleroni muinyamule m'mbali ndi zala ziwiri, molunjika m'mwamba, osaikoka chammbali.

Apa ndiye mumvetsetse, amayi. Pansi pake muona timano tagolide tambirimbiri, tating'ono ngati ubweya. Musatikhudze, musatipukute, musatiuzire ngakhale mpweya. Kamodzi kakapindika, basi.

Yatsopanoyo ili ndi timipata tiwiri m'mbali, ndipo soketi ili ndi timabampu tiwiri. Zikumane. Muitsitse yokha, isagwe, ndipo musaikankhe. Ikakhala bwino kachitseko katsekeka popanda ndewu. Pamwamba pake mufinyire phala kukula ngati njere ya mpunga, osapitirira. Mupukute phala lakale pa chitsulo cha fani, mubwezere fani, miyendo yonse inayi ilire kuti thwa. Musaiwale kawaya kake.

Seleroni musataye. Muikulunge m'sokosi yomweyo, muisunge m'kabati. Yatidyetsa imeneyo. Ndi imene inatayipa makadi a ukwati wa achemwali anu, ndi imene inalemba dzina la mzime wathu koyamba, tsiku lija munalitayipa ndi zilembo zikuluzikulu n'kulimata pakhoma iye ali ndi sabata imodzi. Ndimakumbukira phokoso la kiyibodi yanu ngati mvula yoyamba pa malata. Kuno anthu amatayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola.

Ndikanakonda ndikanakhalapo pomwe muzidina batani. Mudzandiuze nkhope ya ahedi akadzaona. Mudzandiuzenso ngati fani ikulira mwachilendo, kapena mukamva fungo, kapena chilichonse.

Ndine mwamuna wanu.

29 Meyi

Amayi a ana,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino. Ine chakudya sichikulowa chilandirireni foni yanu.

Munati fani ikuzungulira, kanyale kakuyaka, koma sikirini ndi yakuda bii. Ndinakufunsani ngati munaika mozondotsa, ngati munaiwala waya, ngati phala linachuluka. Pepani chifukwa cha mafunso amenewo ndi mawu amene ndinakweza. Inu simunalakwitse kalikonse.

Nambala ya pa bolodi imene munandiwerengera ija ndinapita nayo kwa akapitawo. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupukusa mutu.

Anati, "Ndinakufunsa, sunandiyankhe. Soketi ndi mpando chabe. Bolodi iyi inapangidwa Ko 2 Duwo isanabadwe. Ikhala pampandopo bwinobwino ngati kwawo, koma bolodi siidziwa, ndipo magetsi amene imapereka si amene iyo imafuna. Bolodi yako imathera pa Pentiyamu 4."

Pentiyamu 4, amayi. Ija yodzaza bokosi, ija ya pafupifupi ulere, ija ndinainyoza mwezi wa Marichi. Ndikanaitumiza nthawi imeneyo bwenzi pano mukutayipa. Ndevu sanaseke, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanaseka. Anangoti, "Achimwene, munafuna kuwapatsa zabwino, si mlandu." Makapu anatsuka yekha.

Tsono tisataye nthawi. Muchotse yatsopanoyo, mubwezere Seleroni monga inalili, phala likadalipo m'kachubu. Iyenda pang'onopang'ono monga kale, koma iyenda. Muwauze ahedi kuti makina akukonzedwa ndipo mayeso awo atuluka pa nthawi yake. Pentiyamu 4 ndatenga kale ziwiri, zili m'thumba mwanga muno. Vuto ndi adalaivala, akuti anyamuka pakati pa mwezi wa mawa. Ndikufunsafunsa ngati alipo wina wopita msanga.

Pochotsa musafulumire. Ndikudziwa mtima uli m'mwamba, koma timano tija.

Ndine mwamuna wanu.

20 Juni

Okondedwa amayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Sindikudziwa ngati muli bwino chifukwa foni yanu ikungolira. Mwina ndi netiweki. Ine ndilipo.

Uthenga wanu womaliza unati Seleroni mwaibwezera koma nayonso sikuyatsa sikirini, ndipo mutayang'ana ndi tochi munaona pakona pa soketi pakunyezimira mosiyana ndi pena ponse. Ndiye kuti timano tapindika. Musadziimbe mlandu. Soketi yokalamba chonchija siinapangidwe kuti izitsegulidwa kawirikawiri, ndipo amene anakutsegulitsani mobwerezabwereza ndine.

Timano timeneto timawongoka. Pamafunika singano yopyapyala, galasi lokulitsa ndi munthu wosapuma mwamphamvu. Zaka zanga zoyamba kuno bolodi zotere ankazibweretsa kwa ine. Ndinkakhala pawindo, kamodzi kamodzi, mpaka mzere wonse waima ngati asilikali. Akapitawo ankati ndili ndi maso a kabawi. Ndikanakhala kumeneko, mwina. Sindikudziwa. Koma alamu asayerekeze ndi nsonga ya mpeni, chonde.

Ma Pentiyamu 4 aja sindinatumize, alibenso pokhala. Tsopano ndikufuna bolodi ndi purosesa yake pamodzi, zoyesedwa kale, kuti inu muzingomanga masikuluwu. Ndaona bolodi yatsopanoko pang'ono imene imalandira Ko 2 Duwo muli nayo kaleyo. Koma ramu yathu, kachitsulo kakatali kobaya pa bolodi kamene kompyuta imakumbukirira zimene ikuchita, mwina singagwirizane nayo, ndiye ndiyenera kupeza ndi ramu yomwe. Ndiponso sindikudziwa ngati kabokosi ka magetsi ka m'kompyuta mwathu kangakwanitse. Ndikafunsa chimodzi pamatuluka ziwiri. Abwana nawonso masiku ano sakugulitsa zinthu kwa antchito mosavuta, akuti malonda avuta, ndipo anthu ena a panja pano awauza kale kuti ntchito yawo yatha. Ine sanandiuze kanthu.

Mwezi uno ndi uja wa mayeso. Ahedi anabwera? Munawayankha chiyani? Ngati n'kotheka pemphani alandilodi adikire mwezi umodzi wokha. Muwakumbutse kuti pamene mkazi wawo anamwalira, pulogalamu ya maliro tinatayipa ulere, ndipo mapepala anali athu. Sindikunena kuti atibwezere, ndikungoti akumbuke kuti ndife anthu awo.

Lamulungu ndinadutsa pa shopu ina kuno, ndinamva pulintala ikulira ngati yathu ija, kukoka pepala ndi kakhosomo kaja. Ndinaima pakhomo mpaka mwini wake anafunsa ngati ndikufuna kanthu. Ndinati ayi, ndikungomvera.

Ndiyankheni, amayi, ngakhale mzere umodzi. Ngakhale wokalipa.

Ndine mwamuna wanu.

3 Ogasiti

Okondedwa amayi a ana,

Moni wochuluka. Kalata yanu yafika dzana, ndathokoza kumva kuti nonse muli moyo ndipo chisamba wathu wakhoza bwino. Mum'gwire dzanja m'malo mwanga.

Ndawerenga zonse. Mwati ahedi atabwera ndi mayeso munawalandira, n'kuwoloka nawo msewu kukapempha mwana wa atelala kuti mubwereke makina ake. Mwati anakupatsani mpando, ndipo ataona zala zanu anatumiza munthu kukagula fanta. Mayeso anatuluka tsiku lisanakwane. Mwati iye makina ali nawo koma wotayipa analibe, ndiye wakulembani ntchito ya pamwezi. Kiyi munabweza kumapeto kwa Juni, ndipo m'chipinda mwathu muja tsopano muli wometa tsitsi, wapachika galasi pamene panali kalendala.

Mwati munaopa kundiuza. Inenso ndikanakhala inu ndikanaopa. Tsiku loyamba ndinangoyenda ndi kalatayo m'thumba. Ndevu anandisiya, kenaka madzulo anati, "A Nkhawa, ana adya?" Ndinati adya. "Amayi akulira?" Ndinati ayi, akuti msana wasiya kuwawa chifukwa mpando wa kumeneko ndi wofewa, ndipo akaweruka saganizanso za lendi. Anati, "Ndiye maliro ndi a ndani?" Maliro ndi anga ndekha, ndipo ndiwalira pang'onopang'ono. Inu munachita bwino. M'kalata yanu muli chimwemwe chimene sindinachimve kwa zaka, ngakhale munayesa kuchibisa kuti chisandipweteke.

Tsopano nanenso ndinene changa. Diso langa lakumanzere lachita nkhungu kuyambira chaka chatha. Si nyale ya pa benchi ayi. Kuchipatala anati ndi ng'ala, imachotsedwa, koma mzere wake ndi wautali ndipo mapepala anga a kuno ali ndi mavuto ake. Lakumanja likuona ndithu. Abwana andiitana Lolemba. Mwezi uno ndi womaliza. Sanandinyoze, anandigwira dzanja, ndipo akapitawo andipatsa bulashi yanga ndi masikuludalaiva kuti ndipite nazo.

Choncho ndikubwera ndi basi ya kumapeto kwa mwezi. Musavutike kudzandichingamira ngati ndi tsiku la ntchito, mwangoyamba kumene, asakuoneni ngati ojomba. Njira ndikuidziwa. Ndidzadutsa chakuseri kwa msika kuti ndisaone galasi la wometayo tsiku loyamba lomwelo.

Pali chimodzi ndikupempheni, ndipo ndachilemba n'kufufuta kangapo. Mwati mwana wa atelala ali ndi makompyuta anayi ndipo akaonongeka amawatumiza kutali. Makina anayi pa msewu wa fumbi ngati uja amafuna munthu wowapukuta m'kati, wosintha phala, womvera fani ikayamba kulira mwachilendo. Zimenezo sizifuna maso awiri. Timano sindingawongolenso, koma khutu ndi mphuno zikugwira, ndipo ndikudziwa purosesa iti imakhala pa bolodi iti, pano ndiye ndikudziwadi. Mum'funse ngati angafune munthu wotere, ngakhale masiku awiri pa sabata. Malipiro anene yekha.

Za disoli musamuuze. Kapena mumuuze pang'ono. Ayi, mumuuze zonse, asadzadabwe ndikadzalowa.

Mwanayo ndinamunyamulapo pa phewa bambo ake akundiyeza thalauza, ndiye lilime likukana kum'tchula moyenera. Ndayamba kuyeserera. Ndevu wadzipereka kuti ndiziyeserera pa iye, ndipo m'mawa uliwonse amakhala pa bedi miyendo atapingasa, kudikira. Lero ndanena bwinobwino osakhosomola: "Mwadzuka bwanji, abwana."

Ndine mwamuna wanu.